Git ikakana kuyankha, pulogalamu yanu isagwe nayo

Sabata yatha mwa owerenga wina anandilembera imelo. Ali ndi kafankishoni ka Python komwe kamafunsa Git, pulogalamu yosunga mbiri ya code, ndi lamulo la `git describe --tags` kuti kadziwe nambala ya version. Pa laputopu yawo zonse zimayenda bwinobwino, koma akangotumiza ku GitHub Actions, komwe code imayesedwa yokha pa intaneti, pulogalamu imagwa ndi uthenga woti "fatal: No names found, cannot describe anything". Funso lawo ndi loti: kodi angokulunga zonsezi mu `try` ndi `except` basi, nkhani ithe?

Akulu, musatero. Choyamba tione chomwe chikuchitika. `actions/checkout`, yomwe imakokera code yanu ku GitHub Actions, mukapanda kuiuza kanthu imakoka commit (kusintha kosungidwa mu mbiri) imodzi yokha, ndipo ma tag, maina a version omatidwa pa ma commit, amatsala kuseri. Git siyikunama, palibedi dzina loti ikupatseni, ndiye imatuluka ndi nambala 128, yosonyeza kuti yalephera. Ikani `fetch-depth: 0` pa `actions/checkout` kuti mbiri yonse ibwere, muwonjezenso `--always` pa `git describe`: tag ikasowa, mudzalandira hash (chizindikiro cha commit) yachidule m'malo mwa ngozi.

Koma fankishoni imeneyi ikumana ndi zina. Wina adzatsitsa code yanu ngati zip, mulibe foda ya `.git`. Pa kompyuta ina Git kulibiretu, ndipo apa Python imaponya `FileNotFoundError`, osati `CalledProcessError`. Ambiri amagwira imodzi n'kuiwala inayo. Repo (foda ya code yosungidwa ndi Git) yatsopano yopanda commit ngakhale imodzi nayonso imakana.

Zimenezi ndi zoyembekezeka, choncho zipatseni yankho lodekha, monga "0.0.0+unknown", ndipo mulembe mu log chifukwa chake. Chomwe ndimakana ndi `except` yomeza chilichonse mwakachetechete. Kuyambira Git 2.35.2 ya mu April 2022, Git imakana repo yomwe mwini wake ndi user wina, masiku ano imati "dubious ownership", ndipo mu Docker, chida choyendetsera mapulogalamu m'makontena, zimenezi sizisowa. Ineyo ndinaimeza kale imeneyi: kwa masabata awiri tinkatulutsa mapaketi olembedwa "unknown", palibe anaona, mpaka kasitomala atafunsa kuti akugwiritsa version iti. Manyazi ake! Vuto lotere lifunika kufuula, chifukwa mankhwala ake ndi `safe.directory`, pomwe mumauza Git kuti foda imeneyo ndi yodalirika, osati kubisa.

Ndiye gwiritsani `subprocess.run` yokhala ndi `check=False`, muyang'ane `returncode`, muwerenge `stderr`. Mukatha, yesani fankishoniyo mu foda yopanda kanthu ya ku `/tmp`, kenako mu repo yomwe mwangopanga ndi `git init`.