Kodi achifwamba amasaka ndani?

FUNSO: Achemwali, mwana wanga wayamba kabaza wa njinga yamoto. Mtima uli m'mwamba. N'zoona kuti achifwamba amasaka anthu ngati iyeyu?
Mayi wa ku Chinamwali, Zomba

YANKHO: N'zoona, mayi. Wakabaza amanyamula munthu wosamudziwa n'kupita kulikonse wauzidwa, ndipo njingayo sichedwa kupeza wogula. Mlongo wanga, wakabaza nayenso, achifwamba anamutengera njira ya ku Songani cha m'ma 9 koloko usiku. Anabwerako wapansi, malaya ali magazi okhaokha. Muuzeni mwana wanuyo aziweruka kusanade, asamanyamulenso amuna awiri pakamodzi.

Ena amene ali pachiopsezo ndi maejenti a Mpamba ndi Airtel Money poweruka, ophunzira a ku yunivesite ogona ku Chikanda ku Zomba (amawabera malaputopu aja!), anthu achialubino, komanso agogo onamiziridwa ufiti, chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Zikavuta, imbirani apolisi pa 997.