"Bar" ya maloya si malo omwera mowa

Mayi wina wandilembera kuti mwana wawo wamkazi ali Fomu 4 ndipo amalakalaka kudzaphunzira zamalamulo ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, koma zining'a za Chingerezi zimamuzunguza mutu. Akuti tsiku lina atawerenga m'nyuzipepala kuti wina "was called to the bar", anafunsa ngati munthuyo anaitanidwa kukamwa mowa.

Mayi, mtima pansi. Mwana wofunsa chonchi ndiye amene ndimamufuna m'kalasi. Malamulo athu ambiri tinatengera ku England nthawi ya atsamunda, ndipo zining'azi zinabwera limodzi ndi mbiri yakwawoko. Ukangomasulira liwu ndi liwu, wasochera. "Bar" chinali chotchinga chamatabwa m'maholo a Inns of Court ku London, kumene maloya ankaphunzirira. Wophunzira akakhwima ankaitanidwa kufika pachotchingacho, ndiye kuti waloledwa kuimira anthu pamilandu.

Chimene ndimakonda kuphunzitsa ndi "to read the riot act". Mu 1715 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo lakuti anthu 12 kapena kuposerapo akasonkhana mwachipolowe, majisitireti aziwawerengera mokweza mawu owalamula kubalalika. Ankapatsidwa ola limodzi, ndipo wotsalira akanatha kunyongedwa. Lamulolo linathetsedwa kale, koma mawuwo anatsala. Lero mphunzitsi wamkulu akaimika ana pa asembule n'kuwachenjeza komaliza, nkhope ili gwaa, Mngerezi amati wawawerengera "riot act".

Zina n'zosavuta. "Caught red-handed" n'kumupezerera munthu ali mkati molakwa, ndipo zinachokera ku Scotland, kunena wogwidwa magazi akadali m'manja. "To get off scot-free" n'kupulumuka osalangidwa. "Scot" ameneyu si munthu wa ku Scotland ayi, ndi liwu lakale lotanthauza msonkho. Ndipo akamati "the long arm of the law", mwana wanu akumbukire za makolo athu zija, zakuti mlandu suola.

Pali chimodzi chimene ndikupempha kuti asachitenge ngati chokometsera chimangirizo: "beyond reasonable doubt". Uwu ndi muyeso weniweni wa khoti. Pamlandu waupandu, boma ndilo liyenera kupereka umboni wosasiya chikaiko chomveka mumtima mwa woweruza, ndipo si udindo wa woimbidwa mlandu kutsimikiza kuti ndi wosalakwa. Khoti la House of Lords, lomwe panthawiyo linali lalikulu koposa ku England, linatsindika zimenezi mu 1935 pamlandu wa munthu wina dzina lake Woolmington. Pamilandu ya ngongole kapena ya malo muyeso wake ndi wopepukirapo, "balance of probabilities", kutanthauza mbali imene nkhani yake ikumveka yoona kuposa inzake. Mtima umandipweteka ndikamva anthu akuti khoti lamasula wakuba, pamene chinaperewera ndi umboni.

Mugulireni kope laling'ono. Akapeza chining'a, alembe chiganizo chonse chimene wachipezamo, pansi pake alembe m'mene agogo ake akananenera m'Chichewa. Patchuthi mupite naye kukhoti la majisitireti lapafupi, poti milandu yambiri aliyense amaloledwa kumvera. Akakhale phee kumabenchi akumbuyo, khutu lili kwa womasulira, amve m'mene akutembenuzira mawu a woweruza kuti woimbidwa mlandu amve.