Achemwali a ku Rosettenville, vuto si dzanja lanu

Achemwali, ndaziona zithunzi za agulugufe mwatumiza zija. Mwati mwayamba kupenta ana kumaso pa maphwando, koma mizere yakuda ikumatuluka yonenepa ndi yonjenjemera, ndiye mukuganiza kuti dzanja lanu ndi lolemera. Dzanjalo musalinamizire. Ine ndikuona madzi.

Taonani phiko la kumanzere lija, penti yayenderera mpaka patsaya. Burashi inali itakhuta madzi. Viikani nsonga yokha, kenako muipukuse pa pentiyo maulendo angapo mpaka ikhale ngati phala lomwetsa khanda, osati thobwa. Pochotsa muizungulitse pakati pa zala kuti ubweya wake usongoke. Yesani kaye kuseri kwa dzanja lanu. Khungu likamaonekera pansi pa mzere, madzi achuluka. Mzere ukamadukaduka, penti yauma.

Kuumako ndiye matenda a kuno ku Joni. Tili pamwamba, mamita oposa 1,700, ndipo kuyambira June mpaka August mpweya umakhala wouma gwa. Ine chaka changa choyamba ndinkapenta kamnyamata ku Zoo Lake, ndevu za kambuku zitatu zinatuluka bwino, yachinayi burashi inangokanda ngati tsache lotha. Mwanayo anadziona pagalasi nkundifunsa ngati kambuku wake wadwala. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi kabotolo kopopera madzi, ndipo ndimabwerera ku penti ndikajambula mizere itatu kapena inayi basi.

Burashi gulani yozungulira, ya nambala 3 kapena 4, ya ubweya wa nayiloni umene umabwerera wokha mukaupinda. Zikhale ziwiri, ina ya penti yakuda, ina ya yoyera, zisamabwerekane. Musamazisiye zitaima chamutu m'kapu ya madzi, nsonga ikapindika ndiye yapita. Za penti, Snazaroo ndi yofewa chifukwa muli glycerin, imagona bwino ndi siponji. Ya mizere ine ndimakonda Diamond FX kapena Wolfe, zimenezi muli phula ndipo mzere umatuluka wakuthwa. Penti ya acrylic yojambulira pansalu kapena pamapepala isayandikire nkhope ya mwana wa eni, ngakhale itchipe bwanji.

Tsopano kagwiridwe. Burashi iime chilili, isagone ngati bolopeni. Kachala kakang'ono katsamire pa tsaya kapena pachipumi cha mwanayo, dzanja linalo ligwire pamutu pake mofatsa, chifukwa ana amatembenuka akangomva kuti keke yafika. Ndipo musamachedwe. Anthu akamaopa kulakwitsa amayendetsa burashi pang'onopang'ono, kunjenjemera kumalowera pamenepo. Maso akhale komwe mzere ukukathera, osati pa nsonga.

Kachizindikiro kamodzi ndiye kanditulutsa ine m'mavuto, kaja kooneka ngati dontho la msozi. Mumagusitsa nsonga, nkukoka pang'ono, nkukanikiza kuti ubweya utambasuke, nkudzutsa. Kenako mubwereze mosemphanitsa, kuyamba mokanikiza nkumalizira kowonda. Mapiko a gulugufe, mizere ya kambuku, maluwa, zisoti za mafumukazi, zonsezo ndi kadontho komweka kongotembenuzidwa uku ndi uku. Madonthowo aziloza malo amodzi, kawirikawiri pakati pa maso pamwamba pa mphuno. Akabalalika, nkhope imaoneka yosokonekera ngakhale mzere uliwonse utakhala wowongoka.

Pepala silidzakuphunzitsani zambiri poti silitamuka ngati khungu. Ine ndinkajambula pa ntchafu panga madzulo ndikaweruka, mphindi 15, nkupukuta, nkuyambiranso, mpaka bambo a kunyumba anazolowera kundipeza ndili mawangamawanga.

China ndachiona pa chithunzi chachiwiri: mwajambula yakuda pinki wa pansiyo asanaume, nchifukwa chake yasanduka matope. Dikirani kaye, muzimufunsa mwanayo dzina la aphunzitsi ake uku mukumupepesera mphepo ndi kakatoni.

Sabata ino musajambule gulugufe. Dzazani mkono wanu ndi madontho 20, Lachisanu mutitumizire chithunzi tione mmene madzi akukhalira.