Musanachotse Sendmail, yang'anani m'mafoda a anthu anu

Wowerenga wina wandilembera imelo kuti: "Ndimasamalira seva ya Linux yomwe anthu pafupifupi 60 ali ndi maakaunti. Fayilo ya sendmail.cf yanditopetsa. Kodi ndikaika Postfix pali chimene chingawonongeke?"

Sinthani ndithu, ndikugwirizana nanu. Sendmail, pulogalamu yotumiza ndi kulandira maimelo pa seva imene Eric Allman analemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndi yovuta kuikonza, ndipo Wietse Venema anatulutsa Postfix mu 1998 n'cholinga choti izilowa m'malo mwake. Imabwera ndi /usr/sbin/sendmail yakeyake, choncho mapulogalamu ngati cron ndi PHP apitiriza kutumiza makalata ngati kale. Imawerenganso /etc/aliases ndi mafayilo a .forward, amene amanena kumene makalata apitirire. Pamenepo musade nkhawa.

Nkhawa yanga ili pa anthu 60 aja. Aliyense anakonza makalata ake mmene akufunira, ndipo ambiri anaiwala kalekale kuti anakonzapo chinthu.

Yambani ndi procmail. Pa makina ambiri a Sendmail, procmail ndi imene imaika kalata m'bokosi la munthu, motero .procmailrc yake, fayilo ya malamulo osankhira makalata, imagwira ntchito yokha. Postfix ili ndi njira yake yoperekera makalata, ndipo siiona fayiloyo pokhapokha mutalemba procmail pa mailbox_command mu main.cf, fayilo yokonzera Postfix. Mukaiwala, palibe uthenga wochenjeza umene mudzaone. Makalata amene ankalowa m'mafoda osiyanasiyana adzaunjikana malo amodzi, ndipo amene ankapitirira kwa munthu wina adzangoima.

Chimene chinandipweteka ine ndi mailbox_size_limit. Ngati mu main.cf simunalembedwe china, malire a kukula kwa bokosi la munthu ndi mabayiti 51200000, pafupifupi 50 MB. Mayi wina amene ankasunga makalata a zaka zambiri mu /var/mail anabwera tsiku lachitatu atanyamula pepala: anzake ankalandira mawu akuti "File too large", iye osalandira kanthu. Makalata amasiku atatuwo anali atabwerera kwa eni ake, ndipo ena sanatumizenso. Mpaka lero zimandimvetsa chisoni, chifukwa ndikanangolemba ls -lS /var/mail ndikanaona bokosi lake lili pamwamba. Malirewa amakhudzanso mafayilo amene procmail ikulembamo.

Onaninso ngati pali dzina la akaunti lokhala ndi chilembo chachikulu, poti Postfix imasandutsa zilembo zonse kukhala zazing'ono ikamafunafuna mwini kalata. Ndipo ngati ena amagwiritsa ntchito maadiresi okhala ndi chizindikiro cha +, ikani + pa recipient_delimiter.

Pa tsiku losinthalo, kumbukirani kuti Postfix siwerenga makalata amene akudikira mu /var/spool/mqueue. Lembani mailq kuti muwaone, kenako sendmail -q mpaka onse atatumizidwa, Sendmail isanachoke. Mukatero ikani soft_bounce = yes mu main.cf kwa masiku awiri kapena atatu. Kalata imene ikanabwezedwa izidikira kaye, inu mukuwerenga log n'kumakonza zolakwika. Zikakhazikika muchotse soft_bounce, apo ayi otumiza ku adiresi yolakwika azichedwa kudziwa kuti kalata yawo sinafike.