Ndawayitana mpaka kutopa, koma ku tchalitchi sabwera

Mayi wina wa ku Chawama, wogulitsa salaula (zovala zogwiritsidwapo kale ntchito) pa Soweto Market ku Lusaka, wanditumizira imelo. Akuti: "Anzanga a pamsika ndimawayitana ku tchalitchi, mavesi ndimawatumizira pa WhatsApp m'mawa uliwonse, koma palibe amene wabwerako. Bambo a kunyumba nawonso Lamulungu amangogona. Kodi chikhulupiriro changa n'chofooka?"

Amayi, kufooka sindikukuona. Vuto n'lakuti mukutsatsa katundu amene Lusaka yense ali naye kale. Pa 29 Disembala 1991 pulezidenti wa nthawiyo, Frederick Chiluba, adalengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo adalowa m'malamulo aakulu a dziko. Kuyambira 2015 tili ndi tsiku la mapemphero pa 18 Okutobala. Mukakwera basi pa Intercity, isananyamuke mlaliki waimirira kale ndi Baibulo. Anzanuwo uthenga adaumva mpaka kukhuta. Chimene amachisowa ndi munthu amene uthengawo udamusintha.

Ndipo pamsika munthu amaonekera pa ndalama. Mukalandira chilimba, ndalama zosonkherana mosinthana zija, mumapitiriza kusonkha pa tsiku lake, kapena foni imayamba kuzimazima? Mwatsegula belo, mwapeza diresi lokongola koma lili ndi kachibowo m'khwapa. Mumamuonetsa wogula, kapena mumalipinda mwaluso kuti akazionere kunyumba? Mnzanu woyandikana naye akakusiyirani katundu n'kuthamangira ku chipatala cha UTH kukaona wodwala, pobwera amapeza ndalama zake zonse? Alipo amayi ovala yunifomu ya mpingo amene amakongoza anzawo pa kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, ndipo msika wonse umawadziwa. Vesi lochokera kwa otere salitsegula n'komwe.

Werengani Zekariya 8:23. Anthu khumi a zinenero zosiyanasiyana akugwira chovala cha Myuda mmodzi, kumupempha kuti apite naye limodzi chifukwa amva kuti Mulungu ali ndi anthu a mtundu wake. Onani amene akugwira mnzake chovala: si wopembedzayo ayi, ndi akunjawo.

Za bambo, 1 Petro 3:1-2 ikunena mosabisa kuti mwamuna wosamvera mawu angathe kukopeka ndi makhalidwe a mkazi wake popanda kumulalikira. Apa ndichenjeze: vesili silikulamula mkazi kupirira nkhonya. Koma ngati nkhani ndi tulo ta Lamulungu chabe, lekani kumenyetsa zitseko pochoka, lekaninso kupemphera mokweza mowatchula dzina kuti amve kuchipinda. Mukapita ku mapemphero a usiku wonse, auzeni bwinobwino, osati azidzuka n'kupeza m'nyumba muli zii.

Sindikuti mutseke pakamwa. Pa vesi 15 m'mutu womwewo Petro akuti tikhale okonzeka kuyankha aliyense wotifunsa za chiyembekezo chathu, mofatsa ndi mwaulemu. Funso limabwera pa nthawi yake, kawirikawiri pa maliro. Mnzanu akaferedwa, kagoneni kusiwa, sonkhezerani moto, perekezani mpaka ku manda a Chingwere, ngakhale womwalirayo sanali wa mpingo wanu. Mukapitenso patatha mwezi, anthu onse atabalalika. Osapita ngati nyambo yoti mumukokere ku tchalitchi chanu, anthu a mu komboni zotere amazizindikira msanga. Mwina adzakalowa mpingo wina, kapena sadzabwera n'komwe, ndipo zimenezo sizili m'manja mwanu.

Mavesi a m'mawa aja, asiyeni kaye mwezi uno. Amene adzakufunseni kuti "Amayi, bwanji masiku ano simukutumiza?" ndiye muzimutumizira, iye yekha.