Kamlatho kathu kanapita ndi namondwe, tikagogode khomo liti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa cha ku Domue, m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Dzina lawo ndasunga. Akuti kamlatho ka pamtsinje wa kwawo kanakokoloka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, ndipo mpaka lero anthu amawolokera pa mitengo ya bulugama yomwe anayala okha. Njinga imadutsa, galimoto ayi. Mbatata ya kachewere amachita kusenza pamutu kukaipereka ku lole yomwe yaima tsidya. Funso lawo ndi ili: "Akuluakulu anabwera, anajambula zithunzi, nalemba m'buku, osabweranso. Kodi boma linatiiwala, kapena pali khomo lomwe sitinagogode?"

Mayi, zikomo pondilembera. Khomo lilipo ndithu, koma ndikuganiza kuti mwakhala mukudikira pakhonde la nyumba ina. Ife tikamati "boma" timaona ngati ndi munthu mmodzi wa thumba limodzi, pomwe matumbawo ndi ambiri ndipo lililonse lili ndi mwini wake.

Anthu anabwera ndi bukuwo ayenera kuti anali a INGD, bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, lomwe kale tinkalidziwa kuti INGC. Ntchito yawo ndi ya masiku oyambirira: kupulumutsa anthu, kugawa matenti, ufa, nyemba ndi mankhwala othira m'madzi akumwa, komanso kuwerenga zomwe zaonongeka. Simenti ya mlatho sichokera kwa iwo. Choncho mlatho wanu kulowa m'buku lawo sikutanthauza kuti walowa pamndandanda wa zokonzedwa.

Msewu uliwonse uli ndi mwini. Misewu ikuluikulu ya manambala, monga N7 yochoka ku Tete kudzera ku Moatize kukafika ku Zóbuè, kapena N304 yodutsa ku Ulónguè kukafika ku Calómuè, ili m'manja mwa ANE, bungwe la boma loyang'anira misewu, ndipo ndalama zake zimadzera ku Fundo de Estradas, thumba la ndalama za misewu. Misewu ya mkati mwa tauni ngati Ulónguè ndi ya khonsolo ya tauniyo. Koma kamsewu kafumbi kopita kumudzi, kopanda nambala, n'ka boma la distirito, ku ofesi yotchedwa SDPI yoona za mapulani ndi zomangamanga. Mlatho wanu, mmene mwaufotokozera, ukuoneka kuti ndi wa kumeneko. Tsoka lake, thumba la distirito ndi lomwe lili laling'ono pa onsewa, ndipo timilatho tolira tilipo tambirimbiri.

Pano ndiwayankhulireko pang'ono akuluakuluwo, ngakhale kawirikawiri ndimawadzudzula. Ana yemweyu anadula mlatho wa pa Revúbuè, pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize, ndipo administradori, mkulu wa distirito ya Tete, a José Maria Mandere, anafa atatengedwa ndi madzi ali paulendo wokaona zoonongeka. Ndiye sindinganene kuti onse anangokhala m'maofesi. Chimene chimandiwawa ine ndi kusiyana kwa liwiro. Msewu wa malole opita ku Malawi ndi kumigodi ya malasha ukaduka, dziko lonse limamva tsiku lomwelo, ndipo pa Tete panali kale pothawira, mlatho wa Kassuende womwe unatsegulidwa mu 2014. Kamlatho ka kwanu kakaduka amamva ndi inu, ana asukulu, ndi mayi woyembekezera yemwe matenda amuyamba usiku.

Ndalama nazo sizikwana, ndipo zimenezi si mphekesera. Namondwe Idai atasakaza mu Malichi 2019, pamsonkhano wa ku Beira boma linati likufuna madola 3.2 biliyoni kuti limangenso zomwe anamondwe Idai ndi Kenneth anagwetsa. Othandiza analonjeza 1.2 biliyoni. Malonjezowo asanasanduke njerwa, kunabwera Ana ndi Gombe mu 2022, kenako Freddy mu 2023. Namondwe aliyense watsopano amakankhira kumbuyo omwe anali kale pamzere. Onjezani apo kuti kuchokera pa zisankho za 2019 chigawo chili ndi mitu iwiri, bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu ndi Secretário de Estado woikidwa ndi pulezidenti. Munthu wamba amatha kuponyedwa uku ndi uku ngati mpira wachikulunga, aliyense akuti nkhaniyo ndi ya mnzake.

Nanga mutani? Choyamba, siyani kudandaula pakamwa pokha. Mawu onenedwa pansi pa mtengo amapita ndi mphepo galimoto la alendo likangonyamuka. Lembani kalata, asayine amfumu, aphunzitsi aakulu a sukulu yapafupi ndi a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi ngati ilipo. M'kalatamo musangoti tikuvutika. Nenani midzi ingati imadalira mlathowo, ana angati amajomba mtsinje ukadzaza, ndi makilomita angati kuzungulira kuti mufike kuchipatala. Ikanimo zithunzi za pafoni, china cha chilimwe, china cha dzinja madzi ali m'khosi.

Kalatazo zikhale ziwiri. Ina musiye, inayo akudindireni karimbo ndi tsiku, mubwerere nayo kunyumba. Izi ndinaziphunzira mowawa. Chaka china tinapereka kalata yokhudza mjigo wa kwathu ku ofesi ina, sinditchula. Patatha miyezi itatu tinapitanso, mlembi n'kutsegula madirowa onse, kupukusa mutu, akuti palibe kalata yotero inafikapo. Tinalibe chowaonetsa, tinangoyang'anana n'kutuluka.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Boma la distirito limagwira ntchito motsata pulani ndi bajeti ya chaka, yomwe amaitcha PESOD. Chinthu chomwe mulibe m'menemo n'chovuta kuchipezera ndalama, ngakhale administradori atakumverani chisoni chotani. Njira yolowera ndi makhonsolo a upangiri, conselho consultivo, omwe amayambira ku dera laling'ono, localidade, kukwera ku dera lokulirapo, posto, mpaka ku distirito. Fufuzani yemwe amaimira dera lanu kumeneko, mum'patse kalata ija m'manja, ndipo mukam'funse pambuyo pa msonkhano ngati nkhani yanu inalembedwa m'maminitsi. Chitani zimenezi mvula ikangosiya. Mukadikira Novembala, pulani ya chaka chamawa idzakhala itatsekedwa, ndiponso palibe kontirakitala amathira simenti mtsinje ukusefukira.

Tsiku lomwe adzabwere kudzamanga, mudzakhale pomwepo. Akulu a m'mudzi adzawaonetse pomwe madzi a Ana anafika, kaya ndi pamtengo wa mkuyu kaya pamwala. Ndaonapo malo omwe anangokwirirapo mapaipi awiri ang'onoang'ono n'kuthira dothi pamwamba, mvula yoyamba zinyalala n'kutseka pakamwa, madzi n'kudzipezera njira m'mbali.

Mayi, mundilemberenso, mundiuze ngati msewu wanuwo uli ndi nambala pachikwangwani chilichonse. Ngati ilipo, kalata ija isapite ku distirito kokha, ina ipite ku ofesi ya ANE ku Tete.