Humbucker kapena single coil: kwa amene akufuna kuyamba kuoda zida za gitala

Mwafunsa kuti geni ya zida za gitala imayenda bwanji, komanso kuti munthu wa mpamba wochepa aode ma pickup ati, tizida timene timatola mawu a nsambo pa gitala yamagetsi, pakati pa humbucker ndi single coil. Achimwene, amene amasankha si inu ayi. Amasankha ndi woyimba, ndiponso magetsi a malo amene amayimbirako. Inu ntchito yanu ndi kudziwa zimenezo musanasinthe kwacha yanu kukhala randi.

Single coil ndi koyilo imodzi, waya wamkuwa wopyapyala wa saizi ya 42 AWG wokulungidwa maulendo pafupifupi 8,000 kuzungulira timaginito sikisi. Ndi imene Fender anaika pa Stratocaster mu 1954, ndipo mpaka lero mawu ake ndi omwewo: owala, akuthwa, nsambo iliyonse kumveka payokha. Vuto lake n'lakuti siimva nsambo zokha. Imatolanso magetsi onse oyandikira, ndiye mu sipika mumatuluka kung'ung'uza kuja kwa 50 Hz kumene kumakula mukayandikira ampu, thiransifoma, kapena tchaja yotchipa ya foni. Humbucker inabwera kudzathetsa zimenezo. Seth Lover wa ku Gibson anaipanga mu 1955, ndipo pofika 1957 inali pa Les Paul. Makoyilo ake ndi awiri, olumikizidwa motsutsana, maginito akenso otembenuzidwa. Phokoso la magetsi limalowa mofanana m'makoyilo onse awiri n'kuphana lokha, pamene mawu a nsambo amaphatikizana n'kutuluka okulirapo. Koma zaulere palibe. Mawu apamwamba amachepa, gitala imamveka yonenepa, yolemera pakati.

Ndiye apa mpamene ambiri amalakwitsa oda yoyamba. Amamva kuti humbucker ilibe phokoso, n'kudzaza chikwama ndi ma humbucker okhaokha. Mnyamata woyimba lidi ya sungura kapena sebene ya ku Congo adzaigwira mphindi imodzi n'kukubwezerani. Iyeyo amayimba kumunsi kwa khosi la gitala, mwachangu, popanda distortion yosasitsa mawu, ndipo amafuna kuti nsambo ziziboola pakati pa besi, ng'oma ndi kiyibodi. Humbucker ya ku neck, yoikidwa pafupi ndi khosi, imamumiza. Woyimba rege amene amadula makodi amafunanso single coil yomweyo. Amene amafuna humbucker ndi achinyamata a nyimbo zotamanda zamakono amene agula pedulo ya overdrive yokuza ndi kusasitsa mawu, chifukwa overdrive imakuza phokoso la single coil mpaka abusa kutembenuka paguwa. N'chifukwa chake gitala imene siigona m'shopu ndi ya HSS, humbucker ku bridge, kumene nsambo zimamangidwa pathupi la gitala, ndi ma single coil awiri, monga Yamaha Pacifica 112. Tchalitchi chimagula gitala imodzi yoti oyimba anayi azisinthana, choncho imene ili ndi zonse ndiyo imapita.

Mukamaoda ma single coil, odani a seti ya atatu imene yapakati yake ndi RWRP, yokulungidwa mobwerera ndi maginito otembenuzidwa. Switchi ikakhala pa 2 kapena pa 4, ma pickup awiri amagwira ntchito limodzi ngati humbucker ndipo phokoso limatha. Kuyesa kwake n'kosavuta: gundanitsani nkhope ya yapakati ndi nkhope ya ku neck. Zikakokana ndiye kuti maginito ndi otembenuzidwa, zikakankhana ndiye kuti wogulitsayo wakupusitsani. Ine sindilipira seti ndisanachite zimenezi, ngakhale mwini shopu akwinye nkhope.

Kasitomala akabwera akudandaula za phokoso, musathamangire kumugulitsa humbucker, mudzabweza ndalama. Muuzeni aimirire ndi gitala n'kuzungulira pang'onopang'ono. Phokoso likamasintha malinga ndi kumene wayang'ana, ndi la pickup, ndipo humbucker ithandiza. Likamatha akagwira nsambo n'kubwerera akazisiya, vuto ndi kusowa kwa shielding yotchinga magetsi akunja m'kati mwa gitala kapena kusowa kwa earth pakhoma. Likamakula akagwira nsambo, wina anatembenuza mawaya pa jack, polowera chingwe cha ku ampu. Ma ampu ochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira imene siilowa pa soketi zathu. Anthu amaidula, n'kusomeka mawaya awiri pasoketi ndi timitengo ta machesi, wa earth n'kumusiya akulendewera. Pamenepo ngakhale muike pickup ya mtengo wa ng'ombe phokoso silichoka, ndiponso munthu akhoza kugwidwa ndi magetsi pamilomo akakhudza maiki atagwira nsambo. Tepi yamkuwa ya shielding ndi mapulagi abwino a mano atatu muzikhala nazo, zimayenda kuposa ma pickup enieniwo.

Tsopano za katoni imene imathetsa mpamba, imene ife tinapsapo nayo moto timainunkhiza ili patali. Imakhala ya ma humbucker a chivundikiro chonyezimira, dzina la kampani yotchuka litadindidwa bwinobwino pansi pake, mtengo wake wochepa moti mutu umasiya kugwira. Wogulitsa amakuyesetsani imodzi, imalira bwino. Mumatenga katoni yonse, mwinanso ndi ndalama ya katapila. Kufika kuno, yoyamba kuiika pa gitala, woyimba akakweza ampu imalira mluzu woboola m'makutu. Chifukwa chake n'chakuti makoyilo sanamizidwe mu phula. Pickup yabwino amaiviika mu phula losungunuka kuti waya ndi chivundikiro zisagwedezeke. Yopanda phula imasanduka maiki: mukalankhula pafupi nayo mawu anu amamveka mu sipika. Zina mwa izo mukatsegula chivundikiro mupeza koyilo imodzi yokha ndiyo yamoyo, inayo ndi pulasitiki yopanda waya, ndiye kuti mwagula single coil yovala jekete. Tsono oyimba a m'tauni imodzi amadziwana onse. Lamlungu limodzi lokha, mbiri yafika kwaya iliyonse kuti katundu wa uje ndi wabodza. Amene munawapatsa pa ngongole salipira, amene analipira akufuna zawo, wa katapila ali pakhomo. Katoniyo imakhala pansi pa bedi mpaka kuchita dzimbiri, ndipo nsambo zanu zabwinobwino nazonso anthu amasiya kugula. Kuviika nokha mu phula n'kotheka, phula la kandulo losakaniza ndi la njuchi pang'ono, m'chitini choikidwa m'madzi otentha osapitirira madigiri 65, kwa mphindi 15 kapena 20 mpaka thovu litasiya kutuluka. Mukapyoza kutentha pulasitiki imapindika. Koma koyilo imene kulibe simungaiviike.

Choncho multimeter, mita yoyezera magetsi, isachoke m'thumba. Ikani pa 20k. Single coil ya mtundu wa Strat, Stratocaster ija, imawerenga pakati pa 5.5k ndi 6.5k. Humbucker ya mawu akale imawerenga 7.5k mpaka 8.5k, pamene zaukali monga Seymour Duncan JB zimafika cha m'ma 16k. Mita ikapanda kusuntha, waya waduka m'kati, isiyeni. Ikawerenga pafupi ndi ziro, yashota. Humbucker ya mawaya anayi yesani koyilo iliyonse payokha, iliyonse ipereke pafupifupi theka la nambala yonse. Kenako ilumikizeni ku ampu n'kugogoda ndi sikuludiraiva pa mzere uliwonse wa tizitsulo. Mizere yonse iwiri iyenera kuyankha. Yesani zochokera pansi pa katoni, osati imene wakupatsirani m'manja. Nambala ikakwera pang'ono kuposa yolembedwa pabokosi musachite ndewu, mkuwa umawerenga mokwera kukatentha, ndipo mu Okutobala kusiyana kwa 5 peresenti si kwachilendo. Tembenuzaninso single coil muone kumsana. Mukaona chimaginito chakuda chomatidwa pansi, ndi ya ceramic, tizitsulo take si maginito. Si yoipa, ena amaikonda, koma musailipire mtengo wa alnico, imene tizitsulo take ndi maginito enieni.

Dzina labodza lija limakulumaninso kachiwiri pachipata. Bwana wa yunifomu amene sanagwirepo gitala chibadwire amatola pickup imodzi, kuwerenga dzinalo, kulilemba pafoni yake, n'kuona mtengo wa yeniyeni m'madola. Risiti yanu amaikankhira pambali, ati mwachita kulembetsa. Mumalipira msonkho wa katundu weniweni pa katundu wabodza. Wina amaona mawaya ndi maginito n'kuyamba kukufunsani ngati mukupanga zoopsa, basi yonse ikukudikirani, kondakitala akukuwa. Ena amangofuna muwapatse ya fanta, ndipo mukawazolowetsa ulendo uno, ulendo wamawa fantayo yasanduka kireti. Chimene chimawafooketsa ndi pepala. Invoisi ikhale yolemba chinthu chilichonse pachokha ndi mtengo wake, ikhale ndi dzina ndi nambala ya shopu, ndipo inu mudziwe kuti pa nambala za katundu za amsonkho gitala yamagetsi ili pa 9207 pamene zida zake zili pa 9209. Mukatchula nambala zimenezi nkhope zawo zimasintha. Musanyengedwe ndi amene amakuuzani za ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, ija ya pa Mchinji. Imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'maiko athu konkuno, pickup ya ku China kapena ku Indonesia siilowamo ngakhale mwaigula ku Lusaka.

Njira mukuidziwa kale, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, kapena kumpoto kudzera pa Songwe kupita ku Kariakoo. Chimene simukuchidziwa ndi kalongedzedwe. Ma pickup asagone m'katoni imodzi ndi masipika, chifukwa maginito akuluakulu a sipika amafooketsa alnico, mudzafika ndi katundu wa mawu ozizira osadziwa chatsitsa dzaye. Iliyonse ikhale m'pulasitiki yake, apo ayi imatola tizidutswa ta chitsulo timene timadula waya wa koyilo. Musawaike mu thirela, m'mene katoni imatsamira lata padzuwa la ku Tete, phula limafewa. Ndi tinthu tating'ono, tiyikeni m'chikwama cha pamiyendo. Oitanitsa ku Guangzhou pandege adziwe kuti maejenti amaika katundu wa maginito m'gulu lapadera la mtengo wokwera, ndiye funsani musanatumize ndalama. Ndipo mtengo wogulitsira muziuwerengera pa ndalama imene mudzagulire randi kapena dola ulendo wotsatira, osati imene munagulira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali atabalalitsa katundu pa ngongole anatolera ndalama zosakwana kudzazanso shelefu.

Pickup yokha siigulitsika, imafuna anzake. Single coil imayenda ndi pot, kopotokolera voliyumu kapena toni, ya 250k ndi capacitor ya 0.047, humbucker imafuna 500k ndi 0.022. Mukaika humbucker pa 250k imamveka ngati yafunditsidwa bulangete, mukaika single coil pa 500k imalasa m'makutu, ndipo kasitomala adzanena kuti pickup yanu ndi yoipa. Ma pot nawonso ali pawiri. Magitala ambiri a ku Asia ali ndi bowo la mamilimita 8, pamene pot ya CTS ya ku America imafuna pafupifupi 9.5, ndipo mitu yake siigwirizana, wina wa mano 18 wina wa mano 24. Odani a metric, a bowo la mamilimita 8 aja, ndiwo magitala ali kuno. Humbucker siilowa pa bowo la single coil pokhapokha musinthe pickguard, nthawi zina mpaka kusema thupi la gitala, ndiye funsani chithunzi cha gitalayo pa WhatsApp musanalonjeze. Kwa amene safuna kusema kuli ma humbucker opyapyala a saizi ya single coil, monga Hot Rails, koma musamunamize kuti adzamveka ngati Strat. Yezaninso mtunda wa tizitsulo kuchokera ku nsambo yoyamba kufika ku yachisanu n'chimodzi. Ya ku neck imakhala mamilimita 50, ya ku bridge pa gitala ya tremolo, ija ya kandodo kogwedezera nsambo, imafuna 52 kapena 53, apo ayi nsambo yaing'ono imadutsa pambali n'kumveka mofooka.

Musalole kasitomala akaike yekha kapena akapereke kwa wokonza mawailesi wa pamsika. Mitundu ya mawaya siifanana. Pa ma pickup a kampani ya Seymour Duncan wakuda ndiye wa mawu, wobiriwira amapita ku earth, wofiira ndi woyera amamangidwa pamodzi. Pa DiMarzio wofiira ndiye wa mawu, wakuda ndi woyera ndiwo amamangidwa. Za ku China zopanda dzina zimatsata zofuna zake, muziyesa ndi mita. Akasokoneza, pickup imamveka yopyapyala ngati ikulira m'mphuno ikaphatikizidwa ndi inzake, kapena koyilo imodzi imafa phokoso n'kubwerera. Pezani mmisiri mmodzi wodziwa kuwotcherera, muzimulipira pa gitala iliyonse, mtengowo muuphatikize kale. Akamaliza asindikize nsambo pa fret yomaliza, kachitsulo komaliza ka pakhosi, n'kusiya mpata wa mamilimita awiri kapena awiri ndi theka pakati pa nsambo ndi pickup. Single coil ya alnico ikakwera kwambiri imakoka nsambo zikuluzikulu, gitala imakana kuchunika kumunsi kwa khosi, ndipo mwini wake adzabwera kudzafuna nsambo zatsopano zaulere.